Chaka Chimene Sole Anafika ku Zangochitika

Munthu akakuuzani kuti anafikako ku ufumu wa Zangochitika, mufunseni ngati anaona khoma lokhota limene lili pamphambano ya msika wa Tionana. Akayamba kukanda m'mutu, musiyeni, ameneyo anakathera kwina.

Ufumuwu uli kuseri kwa mapiri a Sindinaone, kutsidya kwa mtsinje wa Iwalani, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Siine. Anthu ake si angelo ayi. Amanama ngati ife, amasirira mbuzi za eni ngati ife, ndipo akaledzera amayamba nyimbo zimene sadziwa mathero ake. Chimene chinkawasiyanitsa ndi mitundu ina chinali mwambo umodzi wotopetsa kwambiri wotchedwa mkhalapansi.

Ukamuwonongera mnzako chinthu, unkalawirira pakhomo pake n'kukhala pansi penipeni, pafumbi, popanda mpando kapena mphasa. Unkanena kuti pepani anthu akumva, kenako unkakonza chimene wawonongacho ndi manja ako. Osati manja a wantchito wako, osati a mlamu wako, koma ako. Mlandu unkatha pokhapokha mwini khomo akakutungira madzi m'chikho n'kukupatsa kuti umwe. Madziwo asanaperekedwe, panalibe mmisiri amene akanakhudza chinthucho, chifukwa wokonza cholakwa cha wina ankasenza mlandu wonse pamutu pake.

Mwambowu sunkaona nkhope. Galu wa Chigwenembe Woyamba atadya mazira asanu ndi awiri a mayi wina, mfumuyo inakhala pakhomo pa mayiyo itafungatira thadzi lake mpaka linaikira mazira onsewo. Zinatenga masiku khumi ndi limodzi chifukwa nkhukuyo inkachita manyazi ndi anthu. N'chifukwa chake anthu a ku Zangochitika ankayenda mosamala, ankamanga agalu ndi mbuzi zawo, ndipo ankayamba ayang'ana kumene kuli zenera asanagende mango.

Ndiye kunabwera mdzukulu wake, Chigwenembe Wachitatu, mfumu ya mimba yotsogola ndi mtima wofuna kugwira chilichonse chonyezimira. Itagula galimoto yofiira, inati iyendetsa yokha. Dalaivala anagwada n'kuyesa kuifotokozera za buleki, koma mfumu inamudula mawu. Inati chibadwire sinaimitsidwepo ndi munthu, ndiye singayambe lero kuimitsidwa ndi kachitsulo kokhala kunsi kwa phazi lake.

Linali Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo, mvula itatsala masabata atatu kuti igwe. Mfumu inatsika chitunda cha kunyumba yachifumu ikuimba hutala, n'kufika pamphambano ya msika. Msewu unakhota, mfumu sinakhote. Inalowa m'nyumba ya Felesiya Nagama osadzera pakhomo. Khoma lonse loyang'ana kumsewu linagwa, mpando umodzi wokha umene unali m'nyumbamo unasanduka nkhuni, ndipo mfumu inatuluka chambuyo n'kubwerera kwawo, neti ya udzudzu ya Nagama ikukupiza kumbuyo kwa galimoto ngati mbendera.

Nagama anali kumsika nthawiyo, akugulitsa zigumu. Anali mayi wamasiye, wosachedwa kuseka ndiponso wosachedwa kuyankha. Nyumbayo anamanga ndi malemu amuna ake, a Bizaliele, amene anaumba ndi kuwotcha njerwa iliyonse okha. Atafika n'kupeza bedi lake lili poyera, matumba asanu ndi anayi a chimanga cha chaka chonse akuyang'anizana ndi msewu, kuseka kunamuthera. Denga la udzu linali litawerama, likudalira makoma atatu. Mvula yoyamba ikanalipeza choncho likanagwera pachimangacho, ndipo Nagama akanataya nyumba ndi chakudya tsiku limodzi. Anachita mantha, ndipo analira pang'ono atatembenukira kukhoma lotsala kuti anthu asamuone.

Kenako anapukuta misozi ndi chitenje n'kuchita zimene munthu wolakwiridwa amachita. Anachirikiza denga ndi mtengo wa bulugamu, popeza kuchirikiza si kukonza. Anatola njerwa zonse n'kuzisanja bwinobwino pambali. Anasesa pakhomo kuti mfumu ikabwera isakhalire minga, anatsuka chikho n'kuchivundikira pamtsuko, n'kuyamba kudikira.

Kuyambira tsikulo, anthu opita kumsika ankamupatsa moni ali pabedi.

"Mwadzuka bwanji, Nagama?"

"Sindinadzuke, bambo. Mukuona nokha."

Kunyumba yachifumu nduna zinakhala pabwalo masiku atatu. Zonse zinkalidziwa vuto, koma panalibe yolitchula. Kukhala pansi sikunali kovuta, popeza kugwa aliyense amatha. Chovuta chinali kudzuka. Chiilongereni ufumu, mfumu inali isanaonenso zala za kumapazi kwake, ndipo inkaopa kuti ikakhala pafumbi pamaso pa msika wonse, padzafunika chingwe ndi ng'ombe ziwiri.

Nduna ya Misewu inati khomalo ndi limene linagunda galimoto, ndipo mboni zikhoza kupezeka pofika mawa. Nduna ya Nthaka inati athire fumbi pampando wachifumu, mfumu ikhalepo, ndiye kuti yakhala pansi. Nduna ya Zamtsogolo inati angodikira mvula igwetse nyumba yonse, chifukwa munthu sangafunse khoma limodzi pamene onse anayi palibe. Mfumu inawakonda maganizo onsewa, koma onse anali ndi chilema chimodzi, chakuti anthu a pamsika wa Tionana ali ndi maso.

Pamenepo anaimirira a Kalilime, Nduna ya Zoyankhula ndi Zobweza Mawu. Anali atangobwera kumene kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere, kumene anakhala masiku khumi ndi awiri n'kubwerako atazolowera jekete ya ubweya, imene ankavala ngakhale thukuta likutsika m'makutu.

"Mwinidziko," anatero a Kalilime atawomba m'manja katatu, "ife tikuzunzika chifukwa cha umbuli. Kumene ndachokera kuja anathana nazo kalekale izi. Ali ndi mawu amodzi a Chingelezi, aafupi, opepuka, okwana m'thumba la malaya. Amati sole."

"Sole," inatero mfumu pang'onopang'ono, ikulawa.

"Mwatchula bwino kuposa eni ake, Mwinidziko. Kumeneko ukamuponda munthu umati sole. Wopondedwayo amatinso sole."

"Wopondedwa?"

"Eya, chifukwa anaika phazi lake pamene iwe umafuna kuponda. Ukafuna kudutsa, sole. Ukapanda kumva zimene wina wanena, sole. Ukamva koma osazikonda, sole yemweyo, umangokwezako nsidze. Pamaliro ndi sole. Ukayetsemula ndi sole. Munthu akakupempha kanthu iwe usakufuna kumupatsa, umati sole n'kutseka chitseko. Ndinaona ndi maso angawa sitima itachedwa maola atatu. Mawu anatuluka pachitsulo chopachikidwa m'mwamba n'kuti sole, ndipo anthu mazana awiri anangopitiriza kuwerenga nyuzi zawo."

"Nanga akanena amakhala pansi masiku angati?" inafunsa Nduna ya Nthaka.

"Sakhala. Amanena akuyenda."

Nduna ya Misewu, imene inali ndi mlandu wa mlatho wa pa Iwalani umene unapita ndi madzi tsiku loutsegulira, inayamba kugwetsa misozi yachimwemwe.

"Nanga kukonza?" inafunsa mfumu motsitsa mawu, ikuopa kuti zabwino zoterezi zingakhale ndi minga.

"Mawuwo ndiye kukonzako, Mwinidziko."

Dzuwa lisanalowe, Lamulo la Sole linali litalembedwa ndi kudindidwa zidindo zinayi. Linathetsa mkhalapansi kuyambira tsikulo. Linagawa sole m'misinkhu itatu kuti pasakhale chisokonezo. Sole mmodzi anali wa zazing'ono, kuyambira kuponda phazi mpaka kupha nkhuku. Sole sole anali wa mbuzi, dimba ndi ukwati. Sole kwambiri anali wa nyumba, mlatho ndi chaka cha njala. Wonena mawuwa mlandu wake unkathera pomwepo, ndipo womuumiriza kukhala pansi anali mdani wa chitukuko.

M'mawa mwake a Kalilime anatsikira kumsika ndi oimba malipenga asanu ndi mmodzi, anakwera pathebulo la ogulitsa nyama n'kuwerenga lamulo lonse. Anthu anamvetsera mwaulemu, ena akutafuna nzimbe. Atamaliza, dzanja limodzi linakwera. Anali a Genesesi, wometa tsitsi wa pamsikapo, amene ankametanso mfumu Loweruka lililonse.

"Bwana nduna, tifunseko. Mawu amenewa ndi a inu akuluakulu nokha, kapena ifenso tilawako?"

"Lamulo silisankha, bambo. Chitukuko n'cha tonse."

"Zikomo, bwana. Timangofuna zichokere pakamwa panu."

Kuchoka apo gulu lonse linakhamukira kwa Nagama. Mfumu sinabwere, inatuma. A Kalilime anaima pamene panali khoma, anakonza jekete, n'kukweza mawu kuti a kumbuyo amve.

"Mayi, ndatumidwa ndi Mwinidziko Chigwenembe Wachitatu, mwini mapiri ndi zigwa, kudzapereka kwa inu, pamaso pa mboni izi, sole kwambiri."

Malipenga analira. Nagama anadikira kuti athe. Anayang'ana m'manja mwa nduna, anasuzumira kumbuyo kwake, n'kuyang'ananso kumsewu.

"Mwamaliza, a nduna?"

"Ndamaliza, mayi. Mwalandira wamkulu kuposa onse."

"Ndathokoza. Ndiye ndimuimike mbali iti kuti azitchinga mvula?"

Wina anatsamwa ndi nzimbe. A Kalilime anati mlandu watha, ndipo anaonetsa zidindo zonse zinayi.

"Mlandu watha, khoma silinabwere," anatero Nagama. "Kawauzeni a Mwinidziko kuti pakhomo ndikusesa tsiku lililonse, ndipo chikho n'chotsuka."

Amisiri a m'mzindamo anamumvera chisoni, koma palibe anayandikira njerwazo. Pepala likhoza kuthetsa mwambo, koma panalibe munthu wofuna kuyesa ngati lathetsadi posenza mlandu wa mfumu pamutu pake. Nagama nayenso sanawapemphe.

Tinene zoona, sabata yoyamba inali yokoma. Ku Zangochitika sikunaonekepo chisangalalo chotere. Anthu amene anali atakhala m'makomo mwa anzawo masiku angapo anadzuka, anasasa fumbi kumatako, anati sole n'kumapita akuimba mluzu. Agalu ndi mbuzi zinamasulidwa. Miyala yogendera mango inayamba kuuluka mwaufulu, ndipo pofika Lachisanu mzinda wa Siine unali ndi mpweya wabwino kwambiri chifukwa mazenera ambiri analibe magalasi. Telala anasoka thalauza la miyendo itatu, mwini wake atadandaula anauzidwa sole, iye n'kuyankha kuti sole, onse n'kuseka mpaka kugwirana mapewa. Mkwati wina anafika paukwati wake Lolemba m'malo mwa Loweruka, anati sole sole n'kufunsa ngati nyama yatsalako. Mlaliki wina anaona kuti kulapa kukutenga nthawi, ndiye mpingo wonse unaimirira, unati sole kwambiri kamodzi, ndipo mapemphero anatha anthu ena asanakhale pansi.

Mawuwa anafika mpaka pamoni. Anthu akakumana m'mawa ankati sole, winayo n'kuti sole nanunso, kuti zimene alakwirane tsikulo zikhale zitatha kale. Ana atatu obadwa sabata imeneyo anatchedwa Sole, ndipo mmodzi, amene anabadwa ndi mutu waukulu, anatchedwa Solekwambiri.

Nagama yekha ndiye sanavine nawo. Anasiya kupita kumsika chifukwa mbuzi zomasulidwa zija zinali zitamva fungo la chimanga. Ankakhala pabedi ndi ndodo m'manja, diso limodzi kumbuzi, lina kumwamba. Mtengo wa bulugamu uja unali utayamba kupindika, ndipo madzulo aliwonse mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri a Sindinaone.

"Mlongo, bwerani nacho chimangachi ndikusungireni kwanga," anatero a Genesesi tsiku lina.

"Achimwene, ndinu munthu wabwino. Koma masiku ano ndikakusungitsani matumba asanu ndi anayi, mudzandibwezera chiyani?"

A Genesesi anaganiza pang'ono n'kuvomereza kuti nawonso sakudzikhulupirira.

Sabata yachiwiri, sole anakwera chitunda. Loweruka a Genesesi anapita kukameta mfumu monga mwa masiku onse. Kaya dzanja linaterereka, kaya linatumidwa, ife sitinalipo. Chimene chikudziwika n'chakuti makina analima msewu pakati penipeni pa mutu wachifumu, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo.

"Sole, Mwinidziko," anatero a Genesesi. Analongedza zida zawo, anawomba m'manja n'kutuluka chambuyo mwaulemu wonse.

Mfumu inaitana asilikali. Asilikali anati sole, mikondo anabwereketsa kwa osaka mbewa. Inaitanitsa tiyi kuti mtima ukhale pansi, tiyiyo anabwera ndi mchere, ndipo wophika anali atanena kale sole asanaike kapu pathebulo. Mfumukazi inakhalira chisoti chachifumu mpaka chinafanana ndi chigumu.

"Sole, bambo a kunyumba," inatero, osasiya kuluka.

Bwalo linaitanidwa mwamsangamsanga, ndipo linagwirizana kuti lamulo likonzedwe, sole azitsika kuchokera kumwamba kupita pansi, asamakwere. Analemba, anadinda, n'kupatsa a Kalilime kuti akawerenge kumsika. Panjira a Kalilime anaika pepalalo pamwala kuti amange chingwe cha nsapato, mbuzi yosamangidwa n'kulidya ndi zidindo zomwe. Anabwerera akuyenda chammbali.

"Musanene," inatero mfumu.

"Sole sole, Mwinidziko."

Anati alembe lina, koma mlembi anali atatayira inki yonse m'maluwa, ndipo mukudziwa kale zimene ananena.

Pofika sabata yachitatu mfumu inali itatopa ndi anthu ake. Inaganiza zokabisala kunyumba yake yopumulira kumapiri mpaka tsitsi limere. Inavala chipewa cha mlaza, inakweza a Kalilime m'galimoto yofiira ija, n'kugwiranso chiwongolero yokha, popeza dalaivala anali atati sole n'kupita kukalima. Anatsika chitunda masana, mitambo itada bii. Atangofika pamphambano ya msika, kumwamba kunatseguka.

Pamphambanopo anthu a Nduna ya Misewu anali atakumba ngalande n'kuisiya osakwirira. Anangozikapo chikwangwani cholembedwa mawu amodzi, ndipo sitikusowa kukuuzani kuti anali mawu ati. Galimoto inalowa ndi mphuno n'kuzima.

Mfumu inatulutsa mutu pazenera. Anthu a msika wonse anali atandanda m'makonde, akuusa mvula.

"Kankhani galimoto," inalamula.

Anthuwo anayang'anana. Kenako onse pamodzi, mwaulemu, amayi akupinda mawondo, abambo atavula zipewa, anati, "Sole, Mwinidziko."

A Kalilime anatambasula ambulera, mphepo n'kuilanda. Chipewa cha mlaza chinatsatira, ndipo msewu wa a Genesesi unaonekera kwa onse, madzi akuyendamo bwino kuposa m'misewu ya boma. Mfumu inathamangira kunyumba imene inali pafupi, ndipo inalowera kumene inalowera ulendo woyamba.

Inapeza Nagama atakumbatira mtengo wa bulugamu ndi manja onse awiri, mapazi ali m'madzi. Zitenje zake zonse ndi bulangete anali atafunditsa matumba, koma mvula inkalowa chopingasa n'kumawanyowetsa ndithu. Denga linkalira nthawi iliyonse mphepo ikawomba.

"Takulandirani, Mwinidziko," anatero osasiya mtengo. "Ndaona mwakuzolowera kumeneko."

"Mpando, mayi."

"Unali umodzi. Munaupeza tsiku lija."

Mfumu inayang'ana uku ndi uku, inaona denga likutsika, n'kuganiza kuti kunja kuli bwino. Ulendo uno inafuna kutulukira pakhomo ngati munthu. Inatsegula chitseko, inaponda panja, phazi linaterereka, ndipo Mwinidziko Chigwenembe Wachitatu, mwini mapiri ndi zigwa, anakhala pansi kuti phwa, pamalo penipeni pamene Nagama ankasesa m'mawa uliwonse.

"Akhala," anatero a Genesesi chapansipansi.

Mawuwo anayenda m'makonde onse, kuchokera kwa ogulitsa nyama mpaka kwa ogulitsa makala. Anthu anatuluka pamvula n'kuzungulira nyumbayo. Mfumu inayesa kudzuka, inangogwedezeka. Inayesanso, matope n'kuilandira bwino kuposa poyamba. A Kalilime anaigwira dzanja n'kukoka, msana wawo unalira, ndipo anachoka akunong'ona mawu awo aja. Panalibe wina amene anasuntha.

Pansi pamaoneka zinthu zimene sizioneka uli pampando. Kudzera pachitseko chotsegukacho mfumu inaona miyendo ya Nagama ikunjenjemera ndi kutopa. Inaona madzi akukwera thumba la pansi. Pafupi ndi bondo lake panali mulu wa njerwa zosanjidwa bwino, ndipo njerwa iliyonse inali ndi kadzenje pakona.

"Timaenje iti n'tachiyani?" inafunsa.

"Chala cha amuna anga," anayankha Nagama ali m'kati. "Ankadinda njerwa iliyonse isanaume. Ankati nyumba izidziwa mwini wake."

Mfumu inaika chala chake m'kadzenjeko. Inachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, amene inali isanawamvepo chibadwire. Inatsegula pakamwa, ndipo mawu aja anabwera okha pamilomo chifukwa anali atazolowera njira. Inawameza.

"Pepani, mayi."

"Kuno sitinamve," anatero a Genesesi. "Mvula ikusokosa."

"Ndati pepani, mayi. Ndinagwetsa khoma lanu ndine."

Simunaonepo anthu akuthamanga chotero. Amuna anayi analowa ndi mitengo n'kulandira denga m'manja mwa Nagama, popeza kuchirikiza si kukonza. Amayi ananyamula matumba n'kuwasanja pakona youma, ena anatchinga mbali yotsegukayo ndi mphasa za kumsika. Amuna asanu ndi atatu anaidzutsa mfumu, ndipo ng'ombe sizinafunike. Nagama anakhala pabedi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Matumba awiri anali atanyowa, koma chimanga chake chinauma atachiyanika dzuwa litatuluka.

Mfumu inamanga khomalo masiku asanu. Inkafika m'mawa wapansi, inkakhala pafumbi, amuna asanu ndi atatu aja n'kuidzutsa, kenako inkaponda dothi ndi mapazi ake n'kusanja njerwa imodziimodzi. Amisiri onse a mu Siine anaima mozungulira manja ali kumbuyo, akulangiza ndi pakamwa pokha, aliyense zosiyana ndi mnzake. Neti inabwezedwa itachapidwa. Mpando unakhomedwanso, ndipo umakhalika ukautsamiritsa kukhoma. Tsiku lachinayi mfumu inakuwa ndi chimwemwe anthu n'kudzidzimuka. Inali itaona chala chake chachikulu cha kuphazi.

Lamulo la Sole palibe analithetsa, popeza inki kunalibe. Linangofota lokha. Anthu ataona mfumu ili m'matope mpaka m'mawondo, anayamba kubwerera m'makomo mwa anzawo mmodzimmodzi. Telala anakhala, mkwati uja anakhala, a Genesesi anakakhala pachipata cha nyumba yachifumu ndi lumo m'manja mpaka anasalaza mutu wonse wa mfumu. Nduna ya Misewu akuti ikadali kumtsinje wa Iwalani. Soleyo sanathamangitsidwe ayi, anangopatsidwa ntchito yomuyenera. Mpaka lero ku Zangochitika amamugwiritsa ntchito poyetsemula ndi popempha njira.

Tsiku lachisanu madzulo njerwa yomaliza inakhudza denga. Msika wonse unatsekedwa kuti anthu adzaone. Nagama anatuluka ndi chikho chodzaza madzi, ndipo mfumu, milomo itauma gwa, inatambasula manja onse awiri. Koma Nagama anaidutsa. Anakaima pakona ya nyumba, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana khomalo kuchokera uku mpaka uko.

"Lakhota," anatero.

Linalidi lokhota. Pakati pake linali ndi mimba yofanana ndi ya mwini kumanga. Anthu anasiya kutafuna. A Kalilime anasendera pafupi n'kuyamba kunong'oneza mfumu kanthu kukhutu, koma mfumu inawakankhira pambali. Inapukuta manja pamalaya, inakwera pathebulo la ogulitsa nyama limene inkaimapo pomanga, n'kugwira njerwa ya pamwamba kuti iyambe kugumula.

"Lisiyeni," anatero Nagama. "Amuna anga ankadinda ndi chala, inu mwadinda ndi mimba. Likhale choncho, odutsa azidziwa amene anamanga. Tsikani mumwe."

Mfumu inatsika, inalandira chikho ndi manja awiri, n'kumwa madzi onse osapumira.

M'mawa mwake kunagwa mvula yamphamvu kuposa yoyamba ija. A Genesesi podutsa ndi thumba lawo la zida pamutu anaima pamphambano mwachizolowezi.

"Mwadzuka bwanji, Nagama?"

Kuseri kwa khoma lokhotalo Nagama anali m'tulo, ndipo panalibe amene akanatha kumuona.